Mutu 11: Kodi Ndere Zingayendetse Chigayo?

Dizilo amene amaliza chigayo pa boma la Chadiza, kapena amene amakoka lole ya chimanga kuchokera kwa Mlolo kupita ku Chipata, anayamba ali ndere. Zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, pamwamba pa nyanja zamchere pankayandama tizomera tosaoneka ndi maso, tikumakula ndi kuwala kwa dzuwa. Tikafa tinkamira n'kukaunjikana pansi, matope n'kutikwirira. Matopewo atachuluka, kulemera kwake pamodzi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka kunaphika tizomerato pang'onopang'ono mpaka tinasanduka mafuta akuda amene lero amapopedwa ku Saudi Arabia, ku Angola ndi ku Nigeria. Munthu akathira dizilo m'injini, amakhala akutentha mphamvu ya dzuwa lomwe linawala kalekale anthu asanakhaleko.

Zambia ilibe zitsime za mafuta zoti n'kupopa. Dontho lililonse limachokera kunja, ndipo limayenda ulendo wautali lisanafike kuno. Dizilo wambiri amalowa kudzera m'paipi ya TAZAMA, yomwe inamangidwa m'chaka cha 1968 ndipo ndi yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola. Akachoka ku Ndola amakwezedwa m'mathanki, kudutsa Lusaka, kuwoloka Luangwa, mpaka kufika kuno kum'mawa. Mafuta ena amachokera kudoko la Beira, kudutsa m'chigawo cha Tete, n'kulowera pachipata cha Chanida, m'boma lathu lomweli. Mathankiwo timangowaona akudutsa, koma mtengo wa ulendo wawo timaulipira tonse. Boma litachotsa thandizo lake pa mitengo ya mafuta mu Disembala 2021, bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengoyo mwezi ndi mwezi. Dizilo akakwera, wachigayo amakweza mtengo wogayitsa, wa lole amakweza mtengo wa thumba, ndipo wogula soya amatsitsa mtengo umene akupatsa mlimi kuti abweze ya mayendedwe. Mu 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo aliyense amene anali ndi jenereta anathamangira kwa dizilo yemweyo.

Tsono funso limabwera lokha. Ngati mafuta anachokera ku ndere, ndipo ndere zili paliponse pamene madzi aima, bwanji osangoziweta n'kuzifinya lero lomwe, m'malo modikira zaka mamiliyoni? Akatswiri akhala akulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 60, ndipo ndalama zimene zapitapo n'zosasimbika. Yankho limene apeza ndi loyenera kuti munthu wa ku Chadiza alidziwe bwino, chifukwa tsiku lina wina adzabwera nalo pamudzi ngati malonda.

Ndere zimene tikunena

Aliyense amazidziwa ndere zoterera za pamiyala ya mumtsinje, zomwe zimagwetsa munthu powoloka, komanso zanyangalazi zoyandama m'zithaphwi za kudambo mwezi wa Seputembala. Koma zimene akatswiri a mafuta amafuna ndi zina: tindere ta selo imodzi, tosagwirika ndi dzanja, tomwe timangosintha mtundu wa madzi kukhala obiriwira. M'kapu imodzi ya madzi otere mumakhala tindere mamiliyoni. Tilibe mizu, tilibe tsinde, tilibe masamba. Kathupi konse kamagwira ntchito imene tsamba la chimanga limagwira: kutenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, n'kupanga chakudya, n'kutulutsa okosijeni. Pafupifupi theka la okosijeni amene zomera za padziko lonse zimatulutsa pachaka amachokera ku tindere ta m'nyanja. M'nyanja ya Malawi, chambo chimadya tindere toyandama, mbuna zimapala ndere za pamiyala, ndipo usipa umadya tizilombo tomwe tadya ndere. Popanda ndere, nsomba pamsika sipangakhale.

Chimene chinakopa akatswiri ndi liwiro. Chimanga chimafuna miyezi inayi, ndipo mphamvu zake zambiri zimathera ku mizu ndi mapesi. Kandere, zinthu zikakayendera bwino, kamadzigawa pawiri tsiku limodzi lisanathe. Dziwe limene lakololedwa lero likhoza kukololedwanso sabata yamawa, chaka chonse, popanda kulima kapena kupalira. Chinanso n'chakuti mitundu ina, monga Chlorella ndi Nannochloropsis, ikasowa nayitirojeni m'madzi imasiya kuswana n'kuyamba kusunga chakudya chake ngati mafuta. Pamenepo mafuta akhoza kufika magawo 20 mpaka 50 pa magawo 100 alionse a ndere zouma. Palinso mtundu wina, Botryococcus braunii, umene umatulutsa mafuta ofanana kwambiri ndi okumbidwa pansi, koma umakula mochedwa.

Mafutawo akapezeka, kuwasandutsa dizilo si nkhani yovuta. Amasakanizidwa ndi methanol pang'ono pamodzi ndi soda wopangira sopo, n'kutenthetsedwa. Pamwamba pamayandama dizilo, pansi pamatsalira glycerine. Njira yomweyo imagwira ntchito pa mafuta a soya, a mpendadzuwa, ngakhale a m'chiwaya cha tchipisi. Ndipotu injini ya dizilo ndi mafuta a zomera zinadziwana kale: pachionetsero cha ku Paris m'chaka cha 1900, injini ya mtundu umene Rudolf Diesel anatulukira inayendetsedwa ndi mafuta a mtedza.

Lonjezo lake

Ntchito yaikulu yoyamba inachitika ku United States. Mitengo ya mafuta itakwera koopsa m'zaka za m'ma 1970, boma la dzikolo linakhazikitsa kafukufuku wotchedwa Aquatic Species Program, amene anayenda kuyambira 1978 mpaka 1996. Akatswiri anatolera mitundu ya ndere pafupifupi 3,000 m'maiwe ndi m'nyanja zosiyanasiyana, n'kusankhapo pafupifupi 300 yooneka yodalirika, ndipo anaiyesa m'maiwe oyeserera ku Roswell, m'chipululu cha New Mexico. Anatsimikiza kuti zimatheka. Anatsimikizanso kuti mafutawo akhala odula kuposa okumba, omwe nthawi imeneyo mbiya imodzi inali pafupifupi madola 20. Kafukufukuyo anatsekedwa.

Nkhaniyi inadzukanso mitengo itayamba kukwera m'zaka za m'ma 2000. Mu 2007, katswiri wina wa ku Massey University ku New Zealand, Yusuf Chisti, anafalitsa ziwerengero zomwe zinazungulira dziko lonse. Malinga ndi ziwerengerozo, hekitala imodzi ya soya imapereka mafuta okwana malita pafupifupi 450 pachaka, nsatsimanga pafupifupi 1,900, kanjedza wa mafuta pafupifupi 5,950, pamene ndere zikhoza kupereka malita 58,700. Amene anaona nambala imeneyo sanagone tulo. Mu Julayi 2008 mbiya ya mafuta okumba inafika madola 147, ndipo makampani a ndere anaphuka ponseponse. Pa 7 Januwale 2009 ndege ya kampani ya Continental Airlines inanyamuka ku Houston injini yake imodzi ikuyendera mafuta osakaniza: theka anali mafuta a ndege a masiku onse, theka linalo anali ochokera ku nsatsimanga, ndi a ndere pang'ono chabe. Chaka chomwecho ExxonMobil, imodzi mwa makampani aakulu kwambiri a mafuta padziko, inalengeza kuti ndi yokonzeka kuika madola 600 miliyoni pa ndere, mogwirizana ndi kampani ya Synthetic Genomics ya Craig Venter.

Koma nambala ya 58,700 ija inali yowerengetsera kuchokera ku zimene ndere zimachita zikasamalidwa bwino kwambiri, n'kuchulukitsa mpaka hekitala ndi chaka chathunthu. Palibe dziwe la panja limene linaperekapo zochuluka chotero chaka ndi chaka. Chimene chinalepheretsa n'chimene tiyenera kuchimvetsa.

Madzi ochuluka, ndere zochepa

Dziwe loweteramo ndere limakhala losaya, masentimita 20 kapena 30 okha, lozungulira, ndipo limakhala ndi gudumu lamapiko lotakasa madzi usana ndi usiku kuti tindere tisamire. Liyenera kukhala losaya chifukwa kuwala sikulowa patali m'madzi obiriwira: tindere ta pamwamba timatchinga ta pansi. Pa chifukwa chomwecho, madzi sangathe kudzaza ndere kupitirira muyezo wina wake. M'dziwe labwino, lita imodzi ya madzi imakhala ndi ndere zolemera pafupifupi theka la galamu zikauma.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Ndowa ya malita 20 ili ndi magalamu 10 a ndere. Kuti tipeze kilogalamu imodzi, tiyenera kusefa malita 2,000. Ngati ndere zathu zili ndi mafuta magawo 30 pa 100, lita imodzi ya mafuta ikufuna ndere zouma makilogalamu atatu, ndiye kuti malita 6,000 a madzi, ndowa 300. Ndipo tindereto ndi tating'ono kwambiri moti sefa ya ufa kapena nsalu sizingatigwire. Timadutsa limodzi ndi madzi. Pamafunika mankhwala otiunjika pamodzi, kenako makina ozungulira mwaliwiro kwambiri olekanitsa madzi, kenako kuumitsa phala lotsalalo, kenako kuswa khungu lolimba la kandere kalikonse kuti mafuta atuluke. Sitepe iliyonse imadya magetsi. M'mayeso ambiri, mphamvu yothera pa kupopa, kutakasa, kusefa ndi kuumitsa inkafanana ndi mphamvu ya m'mafuta opezekawo, nthawi zina n'kuiposa. Munthu amatentha lita ya dizilo m'jenereta kuti apeze lita ya dizilo.

Mlimi wa mpendadzuwa sakumana ndi vuto limeneli. Chomera chake chimasonkhanitsa chokha mafuta onse m'njere, njerezo zimakhala pamutu umodzi, ndipo dzuwa la mwezi wa Meyi limaziumitsa kwaulere zili m'munda. Iye amangodula, kupuntha, kupeta, n'kupita nazo kumakina ofinyira pamsika. Mpendadzuwa umapereka mafuta ochepa pa hekitala, koma ntchito yodula kwambiri, yolekanitsa mafuta ndi madzi, umaigwira wokha. Amene amayerekeza zomera poyang'ana malita a pa hekitala okha amaiwala zimenezi.

Madzi osefedwawo akhoza kubwezedwa m'dziwe, koma ena amauluka ndi dzuwa. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. Ngati dzuwa la mu Okutobala lichotsa mamilimita asanu patsiku, ndipo nthawi zambiri limachotsa oposa pamenepo, hekitala imodzi ya dziwe ikutaya malita 50,000 tsiku lililonse. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Marichi kapena Epulo, kenako miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri kumakhala gwa. Mitsinje yambiri imasanduka mchenga, amayi amafukula m'mchengamo kuti apeze madzi, ng'ombe zimayenda mtunda kukamwa, ndipo a madimba amalimbirana kachitsime kamodzi. Miyezi imene dzuwa lili lokwanira ndere ndi yomweyo imene madzi ali osowa. Mayiko ena amazemba vutoli pogwiritsa ntchito madzi a m'nyanja yamchere, koma ife nyanja yotero ili kutali, kuseri kwa Mozambique.

Chachiwiri ndi chakudya chake. Ndere ndi zomera, ndipo zimafuna zomwezo zimene chimanga chimafuna: nayitirojeni ndi fosifolasi. Kuti tani imodzi ya ndere zouma ikule, pamafunika nayitirojeni wofanana ndi wa m'matumba awiri kapena atatu a urea, kuwonjezapo fosifolasi, ndipo tani imeneyo ipereka mafuta malita pafupifupi 300. Aliyense amene anadikirapo feteleza wa FISP, kapena amene anagulitsapo mbuzi kuti agule thumba limodzi lobereketsa, adziwa yekha ngati matumba atatuwo angawathire m'madzi. Feteleza wa urea naye amapangidwa ndi gasi wokumbidwa pansi, choncho mafuta amene timati ndi obiriwira amakhala atadya kale mafuta akale. Mu 2012 bungwe la National Research Council la ku United States linaunika nkhaniyi n'kupeza kuti ndi luso la nthawiyo, kupanga magawo asanu okha pa 100 a mafuta oyendetsera magalimoto a dzikolo kuchokera ku ndere kukanafuna madzi, feteleza ndi mphamvu zochuluka mosapiririka.

Chachitatu n'chodabwitsa kwa ambiri: mpweya. Timamva kuti kaboni dayokisaidi wachuluka m'mlengalenga mpaka kusokoneza nyengo, ndipo n'zoona, koma pa magawo 10,000 a mpweya umene timapuma, iye ndi magawo anayi okha. Kilogalamu imodzi ya ndere imafuna makilogalamu pafupifupi 1.8 a mpweya umenewu, ndipo umene umalowa wokha m'madzi sukwanira kuti zikule mwaliwiro lija. Pamafunika kuupopera m'dziwe kuchokera kuchumuni cha fakitale yaikulu. Mafakitale otero ndi monga a simenti ku Chilanga ndi ku Ndola, kapena malo opangira magetsi a malasha ku Maamba. Ku Chadiza kulibe.

Ndiye pali adani. Dziwe la panja ndi lotseguka kwa mphepo, mbalame ndi fumbi. Mumagwa tizilombo todya ndere, nkhungu, ndi ndere zakutchire zopanda mafuta zomwe zimakula mwamphamvu kuposa zosankhidwazo. Dziwe lobiriwira bwino likhoza kufa lonse m'masiku awiri kapena atatu. Usiku wozizira wa mu Juni ndi Julayi nawo umachedwetsa kukula. Njira yopewera zonsezi ndi kuwetera ndere m'mapaipi a galasi kapena a pulasitiki otsekedwa, koma mtengo womangira umakwera kangapo, ndipo mafuta a injini ndi katundu amene ayenera kukhala wotchipa.

Makampani aja anagwa mmodzimmodzi. Shell inatuluka m'ntchito yake ya ku Hawaii mu 2011. Solazyme, yomwe mafuta ake anaulutsa ndege ya United Airlines kuchokera ku Houston kupita ku Chicago mu Novembala 2011, inasiya za mafuta a injini, inasintha dzina kukhala TerraVia, ndipo inagwa mu 2017. Kumayambiriro kwa 2023 zinadziwika kuti ExxonMobil nayo yasiya, itawononga madola oposa 350 miliyoni. Kafukufuku sanathe; makampani a ndege akuyang'anabe kumeneko chifukwa ndege yaikulu singauluke ulendo wautali ndi mabatire. Koma mpaka lero palibe malo omwetsera mafuta amene amagulitsa dizilo wa ndere pamtengo wopikisana ndi wokumba.

Zimene nsatsimanga inatiphunzitsa

Ife a kuno nkhani yotere si yachilendo. Nthawi yomweyo imene ndere zinali m'kamwa mwa anthu ku America, kuno kunali nsatsimanga, mtengo umene tinkaudziwa kale ngati mpanda wa dimba ndi wa khola, chifukwa ziweto siziudya. Anthu anauzidwa kuti umamera pena paliponse, sufuna feteleza, sufuna madzi, ndipo njere zake ndi dizilo. Makampani monga D1 Oils ya ku Britain ndi Marli Investments ya ku Kabwe analembetsa alimi ang'onoang'ono m'Zambia. Ku Malawi kunali Bio Energy Resources Limited, ku Mozambique kunali Sun Biofuels pafupi ndi Chimoio. Pa 30 Disembala 2008 ndege ya Air New Zealand inayesedwa ndi mafuta a nsatsimanga, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Zinkaoneka ngati dera lathu lapeza mgodi.

Zoona zake zinatulukira m'munda. Nsatsimanga pa nthaka yoguga siifa, koma siberekanso zokwanira; kuti ibereke bwino imafuna nthaka yabwino ndi chinyezi, zomwezo zimene chimanga chimafuna. Imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo isanayambe kubereka mokwanira. Zipatso zake sizipsa nthawi imodzi, choncho munthu amabwerera kumtengo womwewo kangapo, pa nyengo imene manja akufunika kumunda wa chakudya. Mtengo wa mafuta okumba, umene unali madola 147 mu Julayi 2008, unatsika kufika pansi pa madola 40 chaka chisanathe. BP, yomwe inagwirizana ndi D1 Oils mu 2007, inatulukamo mu 2009. Sun Biofuels inagwa mu 2011. Ogula atasowa, alimi anatsala ndi njere zaululu zomwe sangadye, sangadyetse nkhumba, ndipo sangagulitse kwa wina aliyense.

Apa ndi pamene mtima umandiwawira. Kampani ikalephera imatseka ofesi, eni ake n'kukayamba zina. Koma amene anapereka munda wake ndi zaka zitatu za thukuta ndi mlimi, ndipo palibe amene anamubwezera. Wolima mtedza wa Chalimbana, soya kapena mpendadzuwa, wogula mmodzi akathawa amapeza wina. Zikavuta amadya yekha, amafinya saladi, deya wake n'kupatsa nkhuku. Mbewu ya mafuta a injini okhaokha ili ndi khomo limodzi lotulukira, ndipo kiyi wake ali ndi munthu wina. Ndere za mafuta zili chimodzimodzi, ndiponso kuposa, chifukwa popanda makina a kampani mlimi sangathe n'komwe kuzikolola.

Sikuti mafuta ochokera ku zomera ndi bodza. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo amene magalimoto a dzikolo amayendera. Ntchitoyi yakhalitsa zaka zoposa 40 pa zifukwa zomveka. Chopangira chake ndi manyuchi otsala popanga shuga, amene ali kale pafupi ndi fakitale.  Ndipo wogula ndi wodziwika, chifukwa boma linakhazikitsa kuti petulo azisakanizidwa. Zambia nayo inalengeza mu 2011 miyezo yosakanizira, magawo 10 pa 100 a ethanol mu petulo ndi magawo asanu a dizilo wa zomera mu dizilo, koma kulengeza muyezo n'kosavuta kuposa kupeza mafuta odzaza muyezowo. Chimene Dwangwa ikuonetsa n'chakuti mafuta a zomera amapindula akachokera ku zotsalira za ntchito ina imene ikudzilipira kale.

Kumene ndere zimapinduladi

Mfundo yomweyo ikagwiritsidwa ntchito pa ndere, zinthu zimayamba kuoneka mwina. Munthu woyamba kuweta ndere m'maiwe osaya otakasidwa aja, William Oswald wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, sankafuna dizilo. M'zaka za m'ma 1950 iye ankafuna kuyeretsa madzi a m'zimbudzi za m'tauni. M'madzi oipawo muli kale nayitirojeni ndi fosifolasi waulere. Ndere zimadya zimenezo n'kutulutsa okosijeni, mabakiteriya amagwiritsa ntchito okosijeniyo kuwoletsa zonyansa, n'kutulutsa kaboni dayokisaidi amene ndere zikufuna. Maiwe a zonyansa a ku Kaunda Square ndi ku Ngwerere mu Lusaka amadalira mgwirizano womwewu. Mu 1960 Oswald ndi mnzake Clarence Golueke anapereka ganizo loti ndere zokula m'madzi otere ziziikidwa m'thanki yotsekedwa kuti ziwole n'kutulutsa gasi wa methane. Ubwino wa njirayi ndi woti ndere zimalowa m'thankimo zili zonyowa. Palibe kuumitsa, palibe kufinya, ndipo zotsalira zake ndi manyowa.

Kwa ife, thanki yotero ili ndi chakudya chapafupi kuposa ndere: ndowe. Chigawo cha Kum'mawa chili ndi ng'ombe ndi nkhumba zambiri, ndipo ndowe za ng'ombe zochepa chabe, zikamathiridwa tsiku ndi tsiku m'thanki ya njerwa yokwiriridwa pansi, zimapereka gasi wophikira banja. Sukulu yogonera komweko kapena chipatala, kumene anthu ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi malo amodzi ndipo nkhuni zimagulidwa pa ngolo, ndi malo amene thanki ya gasi ndi dziwe la ndere loyeretsa madzi otuluka m'thankimo zingagwirire ntchito limodzi. Gasi ameneyo sangafike pothamangitsa malole a pa Chanida. Koma akhoza kuphika nyemba za ana asukulu, ndipo mitengo ya m'mapiri athu, yomwe ikutha ndi nkhuni, makala ndi zigafa za fodya, ingapumeko. Ine ndikuona kuti ndalama za boma ndi za mabungwe zikanapindula kwambiri kumeneku kusiyana ndi kuthamangira dizilo wa ndere.

Makampani amene anapulumuka anatulukira chinthu chinanso: ndere zimagulika bwino ngati chakudya kuposa ngati mafuta a injini. Zotsala za TerraVia zinagulidwa ndi kampani ya Corbion ya ku Netherlands, yomwe imapanga mafuta a ndere odyetsera nsomba zoweta. Amayi a mtundu wa Kanembu a m'mphepete mwa nyanja ya Chad anadziwa zimenezi kalekale. Iwo amatunga spirulina m'maiwe a madzi a chidulo, amamuumitsa pamchenga, n'kumugulitsa pamsika ngati zothira m'ndiwo. Pa kulemera kwa spirulina wouma, magawo pafupifupi 60 pa 100 ndi zomanga thupi. Amakololeka ndi nsalu chifukwa amakula ngati tiulusi, ndipo amakonda madzi a chidulo amene adani ake ambiri sangakhalemo. Kilogalamu yake imagulidwa pamtengo woposa kutali wa lita ya dizilo.

Koma mlimi wa ndere weniweni m'boma la Chadiza alipo kale, ngakhale sadzitchula choncho: ndi mwini dziwe la nsomba kudambo. Alangizi a za nsomba amamuuza kuti aike manyowa a nkhuku, a nkhumba kapena a ng'ombe pakona ya dziwe, m'kampanda ka timitengo kapena m'thumba, kuti madzi abiriwire. Kubiriwirako ndi tindere tomwe tija. Nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba zimasefa tindereto ndi makha awo tsiku lonse, ntchito imene inagonjetsa makina a makampani aakulu, ndipo zimasandutsa ndere kukhala ndiwo zimene zili ndi msika pamudzi pomwepo. Muyezo wake ndi dzanja: mlimi amaviika mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaonekabe bwinobwino, manyowa achepa. Chikasowa madzi asanafike n'komwe pakati pa mkono, manyowa achuluka, ndipo aleke kuthira, chifukwa usiku ndere sizitulutsa okosijeni koma zimamugwiritsa ntchito, moti m'bandakucha nsomba zimapezeka zikupuma movutikira pamwamba pa madzi.

Kubiriwira kwina n'koopsa, ndipo aliyense woweta ng'ombe ayenera kukuzindikira. M'nyengo yotentha, m'madamu ndi m'zithaphwi zomwe mwalowa ndowe zambiri kapena feteleza wokokoloka m'minda, mumabuka ndere zobiriwira mopita ku buluu, zomwe zimayandama pamwamba ngati utoto wothiridwa ndipo mphepo imazikankhira kugombe kumene ziweto zimamwera. Mitundu ina ya ndere zimenezi imatulutsa poizoni wowononga chiwindi kapena mitsempha. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kumpoto kwa Botswana, pafupi ndi Okavango, ndipo boma la dzikolo linati chinazipha ndi poizoni wa ndere zotere m'zithaphwi. Kuwiritsa madzi sikuchotsa poizoniyu. Damu likaoneka choncho mu Okutobala kapena Novembala, ng'ombe, agalu ndi ana asayandikireko, ndipo a zaulimi kapena a zaumoyo a pa boma adziwitsidwe msanga.